Si Tsempho Lapha Mwana wa Esinati

Amayi, kumeneko kwa mizimu muli bwanji?

Nkhawa yanu ndikuidziwa. Mwalandira mdzukulu wachiwiri wochokera kwa mng'ono wanga Esinati, wa miyezi isanu ngati woyamba uja, ndipo mukufunsa kuti walakwa ndani. Kuno nandolo wabereka, koma ine ndikulemba mtima ukuwira.

Amalume agamula kale kuti ndi tsempho. Akuti Fulaye, mwamuna wa Esinati, anayenda ndi mkazi wina kuesiteti mwana ali wakhanda, choncho Loweruka amupatsa khasu lake azipita kwawo. Fulaye yemweyo amene anabereka mwana kumsana wapansi mpaka ku Boma. Chiwapatsireni utcheyamani wa chipani amalume satsutsidwanso.

Munkati munandiphunzitsa sukulu kuti ndizikuuzani zoona, ndiye imvani. M'magazi muli asilikali otchedwa maselo a T. Aliyense ali ndi kadzanja kake kozindikirira matenda. Malangizo opangira kadzanjako sitibadwa nawo athunthu; amakhala zidutswazidutswa, ngati zigamba zimene munkasunga m'dengu. M'mphepete mwa chidutswa chilichonse muli chizindikiro, china cha mpata waufupi, china cha mpata wautali. Thupi lili ndi lumo lodula ndi kulumikiza, ndipo lamulo lake ndi limodzi: chachifupi chikumane ndi chachitali, osati ndi chachifupi chinzake. Msilikali aliyense amasokedwa mosiyana, n'chifukwa chake pa nthenda iliyonse pamapezeka woidziwa.

Tonse timalandira malumo awiri, la bambo ndi la mayi. Limodzi likabuntha, linzake limagwira ntchito. Akabuntha onse, palibe chosokedwa. Mwana amanenepa miyezi ingapo ndi chitetezo cha amake, kenako zilonda zoyera m'kamwa, chifuwa, kutsegula m'mimba. Ana onse awiri anadwala chomwecho. Makolo awo ndinawayeza ndekha kuchipatala komwe ndimagwira ntchito, matenda atsopano aja opha chitetezo cha m'thupi alibe. Zoyezera lumolo tilibe m'dziko muno, choncho sindingalumbire, koma mtima wanga wakhazikika pamenepo.

Apa ndiye pondiwawa, Amayi. Fulaye ndi msuweni wathu, mwana wa malemu alongo anu. Ukwatiwo munausoka ndinu, mukuti mkamwini wachibale salima mozemba. Malumo obunthawo mwina ndi a gogo mmodzi. Simunadziwe, ndikuvomera. Koma ndakukwiyirani ndithu, chifukwa mawuwa ndiyenera kuwanena ndekha, inu mulibe.

Loweruka ndikwera basi yoyamba. Ndikaima pabwalo, ndikawauza amalume kuti ngati akufuna wolakwa ayambire m'magazi mwathu. Andinenere kuchipani ngati afuna. Fulaye sachoka ndili chete. Esinati ndikamuuza pambali kuti mwa ana ake obwera, ambiri angathe kukhala moyo.

Inu muli pafupi ndi agogo onse. Tayesani kuwafunsa mofatsa kuti ana angati a m'banja mwathu anabwerera asanamere mano, ndi akamwini angati anathamangitsidwa chifukwa cha iwo. Muwerenge nokha.

Ndimakukondani, ngakhale lero.

Mwana wanu,
Dorofe