Lole ya Mafiriji Yakhotera Kwina

Lolemba, 3 Malichi

Makina otsatira malole ayamba kugwira ntchito. Malole athu onse pa kompyuta, timadontho tobiriwira toyenda pang'onopang'ono. Bambo anakokera mpando pafupi, magalasi pamphuno, osaphethira. Kadontho ka lole imene amayendetsa alamu anga kataima, iwo: "Aimanso kukadya amenewa. Mimba idzawapha." Ndaseka mpaka misozi. Chaka chathunthu ndikuwanyengerera kuti tigule makinawa, lero akuuza makaniko kuti nzeru zinali zawo. Zilibe kanthu.

Lachinayi, 6 Malichi

Mwayi! Sitolo yaikulu imene takhala tikuipempha ntchito yavomera, tiziwanyamulira mafiriji. Ulendo woyamba ndi woyesera. Akakhutira, ntchito ya chaka chonse. Ndinavina ndekha mu ofesi, nsapato m'manja. Matayala a lole yaing'ono atha, koma lero ayi, sindiganiza zimenezo. Anyamule ndi alamu, Lachiwiri. A Ndevu, dalaivala wathu wakale, azibwera pambuyo ndi simenti, msewu womwewo.

Lachiwiri, 11 Malichi



M'mawa imelo, ngati yochokera kusitolo ija. Chizindikiro chawo, dzina la bwana wawo, zonse. Akuti dinani apa mutsimikize ulendo. Ndinadina, n'kulemba pasiwedi yathu. Osaganiza kawiri.

Masana ndikuona kadontho ka alamu kachoka mumsewu waukulu, kakulowera kumene tilibe kasitomala. Foni yawo osapezeka. M'makina muli uthenga wopita kwa iwo m'dzina langa: malo asintha, katsitseni katundu kunyumba ina yosungiramo. Sindinalembe ine. Akuba, alowa ndi pasiwedi ija.

Bambo anaima pambali panga, chipewa m'manja.

Ndinaimbira a Ndevu. Mwamwayi anayankha. Ine maso pa kompyuta, pakamwa pafoni: khotani apa, pitirirani, khotaninso. Simenti ndi yolemera koma akuti lole inauluka. Anawapeza alamu pageti, anyamata achilendo atayamba kale kumasula zingwe. Hutala, kukuwa, anthu kusonkhana. Anyamatawo liwiro la mtondo wadooka.

Sipanatsike firiji ngakhale imodzi. Ngakhale imodzi!

Lachitatu, 12 Malichi

Mafiriji afika bwino. Apolisi amva mbali yathu. Mayi wina wodziwa za makompyuta watandala pano: mapasiwedi onse atsopano, ndipo polowa pazifunikanso nambala yobwera pafoni yanga. Ndinamuuza kuti ndine chitsiru. Iye: "Imelo imeneyi inakonzedwa mwaluso. Chabwino n'chakuti munali maso."

Lamulo latsopano: dalaivala asasinthe njira asanamve mawu anga.

Alamu manyazi, mutu pansi. Akulu anga, akazi awo, osawamvera chisoni: "Ine ndikakutumani simupita, koma akutumani akuba mwathamanga." Alamu okha kuseka.

Loweruka, 15 Malichi

Madalaivala onse pabwalo, kuphunzira kuzindikira uthenga wabodza. Nkhani ya a Ndevu ikukulirakulira. Lachitatu akuba anali atatu, lero ndi chigulu, wina ndi chikwanje. Palibe wowatsutsa, awayenera.

Titabalalika, bambo anatumiza uthenga wonama m'dzina langa kwa onse, kuwayesa. Foni yanga osapuma! Aliyense: "Adona, ndi inu mwalemba izi?" Ngakhale makaniko, amene sayendetsa n'komwe. Mtima wanga mbee.

Lachisanu, 21 Malichi

Kusitolo ndinawafotokozera zonse sabata yatha, osabisa. Kuyambira pamenepo ndimangodikira yankho lawo. Lero aimba. Chaka chonse ndi chathu! Bwana wawo akuti imelo yomweyo inapusitsanso ena onyamula katundu, katundu wawo anapita. Amene anawachenjeza ndi ife tokha.

Titaweruka bambo analowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Ndinati basi, mlandu wa pasiwedi uja wafika. Iwo anaika makiyi a depoti patebulo.

"Ine ndatopa, mwananga. Yendetsa iwe."

Ndinati koma bambo, amene ndinadina ndine. Iwo: "Amene unabweza lole ndiwenso." Anatuluka msanga, kunamizira chifuwa.

Makiyi ndi awa, ndikungowayang'ana. Olemera. Sindinauze aliyense. Amayi kaye, kenako akulu anga, kenako

Foni. Alamu. Akuti tayala laphulika, akufunsa ngati bwana alipo.

Ndawauza kuti akulankhula nawo.