Zilembo za Saizi 26

Lolemba, 3 Juni

Abwana alamula kuti makompyuta onse muno akhale ndi teminolo yofanana, zenera lakuda lija timalembamo malamulo. Mtundu umodzi, zilembo saizi imodzi. Ntchito yofufuza mmene aliyense anakonzera yake yagwera ine. Osayenda desiki ndi desiki ayi. Kungolemba lamulo limodzi ndili pampando wanga, makonzedwe a aliyense n'kutuluka pamndandanda.

Mtima uli m'mwamba. Zilembo zanga ndinazikulitsa mpaka 26. Chaka chathunthu maso akundithawa pang'onopang'ono, muofesi palibe akudziwa. Sikirini yanga imayang'ana kukhoma, si mwangozi. Kontrakiti yanga ikutha pa 30 mwezi uno.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndalemba lamulo lija. Mndandanda watuluka: 12, 11, 12, 12. Mkulu wa maseva, makompyuta akuluakulu osunga zonse aja, munthu wa imvi mutu wonse, 13 basi. Kenako ine, 26, kuonekera ngati mbuzi pakati pa nkhuku. Ndabwereza kawiri ngati kuti kompyuta isintha maganizo.

Bambo a ana akuti ndipite kuchipatala, ndisiye kudzizunza. Kulankhula n'kosavuta. Ndani angasunge munthu wosaona bwino pa ntchito yoyang'ana zilembo tsiku lonse? Ndikuopa.

Lachitatu, 5 Juni

Ndachita zamanyazi. Ndatsitsa zanga kufika pa 12, ndayendetsanso lamulo, ndatumiza mndandanda wopanda banga. Abwana ayankha kuti ntchito yabwino.

Tsiku lonse mphuno pa sikirini, zilembo ngati nyerere. Mutu kuwawa kuyambira m'maso mpaka kunkhongo. Mnzanga wa desiki yapafupi wandifunsa kuti ndikununkhiza chiyani pamenepo. Ndasekako naye, nanga n'kutani.

Lachisanu, 7 Juni

Ndazimitsa seva yolakwika. Ndimafuna yoyeserera, ndazimitsa yeniyeni imene makasitomala amagwiritsa ntchito. Ndi zilembo za saizi 12 sindinathe kuona kuti ndalowa iti. Mphindi makumi anayi mafoni akulira ngati pagwa maliro. Mkulu wa maseva ndiye waidzutsa, thukuta kamukamu.

Ndanena kuti ndinatopa. Abwana anangondiyang'ana. Bola akanandikalipira.

Lamlungu, 9 Juni

Chakudya sichikulowa. Uthenga wa abwana pafoni andiwerengera ndi bambo a ana: abwanawo akuti ndikawaone mawa 8 koloko. Ndasita diresi imodzi kawiri. Ngati n'kuchotsedwa, ndichotsedwe ndikuoneka bwino.

Lolemba, 10 Juni

Sanandikhazike kutsogolo kwa desiki, anandiitanira pambali pawo. Analemba lamulo lomwe lija, koma pa makope akale a makonzedwe athu amene seva imasunga mwezi ndi mwezi. Ndipo ndine ndemwe ndinakonza zoti makopewo azisungidwa, mutu wanga uwu! Anaona kuti sindikuona, anayamba kundiwerengera mokweza. Julayi, 14. Okutobala, 16. Januwale, 20. Epulo, 26. Mndandanda wa sabata yatha, 12.

"Mayi, chaka chonse mukuvutika nokhanokha, ife tili pompano?"

Ndalira. Makamaka manyazi. Akuti ndibwezere zilembo zanga, Lachinayi ndisabwere kuntchito, ndipite kwa dokotala wa maso. Za kontrakiti akuti sagamula okha, adzandilankhulira, koma sangalonjeze. Akuti chawapweteka si maso anga ayi, koma mndandanda wabodza uja. 

Lachiwiri, 11 Juni

Ndafika m'mawa anthu asanabwere. Sikirini ndaitembenuza, iyang'ane kuofesi, palibenso chobisa. Ndabwezera 26. Ndinakhala pansi kudikira kuti zilembo zioneke bwino ngati mwezi watha.

Sizinaoneke.

Ndapukuta sikirini ndi mpango. Ndayesa 28. Ndayesa 32. Ndatseka diso lamanzere, kenako lamanja. Pakati penipeni pa mzere pali kachifunga, malo amodzimodzi, ngakhale ndikulitse bwanji. Lachinayi lili kutali. Sindinawauze bambo a ana kuti kachifungaka kali m'maso onse awiri, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambira pati.