Ndayamba Kugona Pakhomo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga mwendo uja umakuvutani nyengo yozizira wayamba kumvera mankhwala? Mwana ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula monga mwa nthawi zonse. Msana wa dalaivala sudikira mwini wake, umatsogola kukalamba.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni paja inu mumayankhula ngati mwasiya china pamoto, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka mayunitsi atha. Nkhani ndili nayoyi ikufuna muiwerenge mutakhala pansi, ndipo mukafika kumapeto musafulumire kundiyankha.

Ndiyambe ndi za kuntchito, chifukwa zimene ndikuona kunozi ndikapanda kuuza munthu ndidwala nazo. Mukukumbukira tchire lija ndinkakuuzani, la pafupi ndi chipata cha m'malire, pamene tinkandandalika magalimoto kudikira mapepala mpaka ndevu kumera? Tchire lija kulibenso. Amangapo depoti ya katundu, ndipo ndikuti depoti chifukwa chosowa mawu ena. Ndi mzinda, achemwali. Tsiku loyamba kulowamo ndinaimitsa galimoto pakati pa msewu kukamwa kuli yasa, mpaka wa kumbuyo kwanga anachita kundilizira hutala.

Nyumba zosungiramo katundu n'zazitali moti mbalame zimauluka m'katimo osadziwa kuti zili m'nyumba. Makontena awasanjikiza mpaka khosi limawawa powayang'ana. Pali chikereni chimene chimayenda pa njanji yakeyake, ndipo chimanyamula kontena yodzaza ngati mmene inu mumatolera bokosi la machesi. Wochiyendetsa ndi mayi wina wochepa thupi, woti mukakumana naye pamsika simungamuganizire. Amakhala m'kachipinda ka magalasi kumwamba uko, ndipo akatsitsa kontena pangolo ya galimoto yanga sindimva n'kugwedezeka komwe.

Sitima ya pamtunda imalowa mpaka m'kati mwa mpanda. Kulinso nyumba yozizira yosungira mankhwala ndi zipatso, kumene anthu amagwira ntchito atavala majekete kunja dzuwa likuswa mtengo. Galimoto yathunthu imadutsa m'makina ounika, onga aja a kuchipatala ojambula m'chifuwa, ndipo katundu yense amaoneka popanda kumasula chingwe. Chimene chinandimaliza ndi a kasitomu, aja oona za msonkho wa katundu. A dziko lino ndi a tsidya linalo tsopano amakhala m'chipinda chimodzi, patebulo limodzi, n'kumabwerekana zolembera. Anthu omwewa kale ankazembana ngati munthu ndi apongozi ake, ife n'kumavutika pakati.

Ndiye si depoti imodzi ayi. Kapitawo wathu anatifotokozera kuti maboma a mayiko angapo anagwirizana kumanga madepoti otere m'mbali mwa msewu waukulu, kuyambira kudoko mpaka kumtunda kwenikweni, onse olumikizana. Akuti boma lililonse linapereka malo, msewu, magetsi ndi anthu ake a kasitomu. Makampani ndi amene anamanga nyumba n'kubweretsa makina, ndipo aziyendetsa okha mpaka zaka zimene anapangana zitakwana, kenako zonse zidzabwerera m'manja mwa boma. Ine ndinkayesa kuti boma ndi kampani sangakoke ngolo imodzi. Ndaziona ndi maso angawa, akukoka.

Tsiku lina kapitawoyo anandilowetsa m'chipinda chimene amayang'anira magalimoto onse. Khoma lonse ndi kanema, ndipo galimoto iliyonse imaoneka ngati kadontho kowala kakuyenda pang'onopang'ono. Anandilozera kadontho kena n'kunena kuti imeneyo ndi ngolo imene ndinaikoka dzulo lake, ndipo inali itadutsa kale malire ena kutsogolo. Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja ngati ndili m'tchalitchi. Msewu umene unadya unyamata wanga wonse unali utakwana pakhoma limodzi.

Musaganize kuti ukwati wa boma ndi kampaniwu ulibe mikangano. Pachipata cholowera pali dzenje. A kampani akuti lili kunja kwa mpanda, choncho ndi la boma. A boma akuti analikumba ndi magalimoto a kampani. Mabwana a mbali zonse anabwera ndi tepi kudzaliyeza, anagwirana chanza, anajambulitsa, n'kumapita. Dzenjelo lilipobe ndipo likunenepa. Madalaivala talitcha Bwanamkubwa, chifukwa aliyense akafika pamenepo amachepetsa liwiro n'kuwerama.

M'galimoto namonso atiikira kamakina koyang'ana nkhope. Ndikangoyasamula kamalira, ndikathamanga pang'ono kamandinenera ku ofesi. Ndinauza anzanga kuti ine sizikundidabwitsa, ndinakula ndi achemwali otero.

Amene akundimvetsa chisoni ndi amayi aja ankatiphikira pamzere wa magalimoto uja. Mzere utatha, malonda awonso anatha. Ena apatsidwa malo m'nyumba yodyera ya m'katimo, avala zipewa zoyera, koma ena sanapeze mwayi. Ndinakumana ndi mayi wina amene anandisamalirapo nditagwidwa malungo pamzerepo. Anandiuza kuti kale ankapemphera kuti makompyuta a kasitomu afe kuti ife tichedwe, ndipo tsopano akupempha Mulungu amukhululukire koma amupatsenso pogulitsira. Tinaseka tonse, koma ndinachoka mtima ukundiwawa. Walira mvula walira matope. Ndamulembetsa kwa woyang'anira nyumba yodyerayo, tiona ngati amutenge.

Tsopano nayi nkhani yeniyeni. Kale ndinkanyamula katundu kudoko n'kupita naye ndekha mpaka kumene akufunika, kudutsa malire angapo, mwezi kutha ndili m'njira. Pano atisinthira kayendedwe. Dalaivala aliyense wapatsidwa chigawo chake cha msewu, kuchoka pa depoti ina kufika pa inzake. Ndimanyamuka m'mawa ndi ngolo yodzaza, ndimafika pa depoti ya m'malire dzuwa lili paliwombo. Pamenepo ndimamasula ngoloyo, mnzanga wa tsidya lina amaikoka ndi galimoto yake, ine n'kukoka imene iye wabwera nayo, aliyense n'kubwerera kumene wachokera. Katundu amapitirira ulendo, koma munthu amakagona kwawo.

Achemwali, dzuwa likamalowa ine ndimakhala ndili pakhomo ndikuvula nsapato. Tsiku lililonse. Ndalemba mawu amenewa n'kuwawerenganso, chifukwa inenso sindinawazolowere.

Ndapeza nyumba ya zipinda ziwiri kufupi ndi depoti yonyamukira. Masiku oyamba tulo sitinkabwera, chifukwa bedi silinunkha dizilo ndipo miyendo imatambasuka mpaka kumapeto. Ndagula makatani, mipando ndi mapoto. Mayi mwini nyumba ataona makataniwo anandifunsa ngati ndinawasankha maso ali otseka. Chipinda chachiwiricho chili chopanda kanthu, ndimangochisesa.

Mnzanga wosinthana naye ngolo uja timangomuti Ndevu. Chiyankhulo chake sindichimva, changanso sachimva, timamvana ndi manja ndi kuseka. Tsiku lina tikudikira kuti amange ngolo, anandionetsa pafoni chithunzi cha mwana wake wamkazi atavala yunifolomu. Anachita ngati akulemba padzanja, kundiuza kuti madzulo alionse amakhala naye pansi kumuthandiza za kusukulu. Kenako anandiloza ine. Ndinamuonetsa chithunzi chija munanditumizira, mwana ataguluka mano akutsogolo.

Ndevu anasekerera, n'kutambasula dzanja kufunsa kuti mwanayo ndi wamtali bwanji tsopano. Ndinaika dzanja m'chiuno mwanga. Ndinalikweza kufika pachifuwa, kenako ndinalitsitsanso. Sindinadziwe poliimika, achemwali. Ndevu anayang'ana kumbali n'kuyamba kugogoda matayala amene anali atawagogoda kale.

Inu mukudziwa mmene zinayendera. Mayi ake a mwanayu atamwalira ine ndinali pamzere uja m'dziko la eni, galimoto itatsekerezedwa kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinafika maliro ataikidwa kale, ndipo ndinapeza mwana ali kumsana kwanu akuyamwa chala. Palibe anakupemphani. Munangomubereka, ndipo simunamutsitsenso. Mano ake oyamba, chikuku chija chinatsala pang'ono kumutenga, tsiku loyamba kusukulu, zonsezo munaziona ndinu ndi alamu. Ine ndinkangofika ndi maswiti ndi madiresi osamukwana, n'kunyamuka asanandizolowere.

Ulendo womaliza umene ndinabwera kumeneko, ndinamumva akuuza anzake kuseri kwa nyumba kuti kwabwera amalume ake a galimoto. Inu munafuna kumudzudzula, ine ndinakuletsani ndi maso. Mwanayo sanalakwe. Inu amakutchulani amayi, nanga mlongo wa amayi ndi ndani? Ndikudziwa kuti mwamuuzapo kangapo kuti ndine bambo ake, ndipo iye amavomera ndi mutu ngati mmene amavomerera za m'buku la kusukulu. Tsiku limenelo ndinaseka nanu pakhonde, koma ulendo wonse wobwerera ndinayendetsa galimoto ndikungobwereza mawu akewo mumtima.

Nthawi imeneyo sindikanatha kumutenga. Munthu wogona m'galimoto angalere bwanji mwana? Chimenecho chinali chifukwa chomveka, ndipo ndinkatsamirapo. Tsopano anthu aja abwera ndi makereni awo andichotsera chotsamira. Ndinafunsa kapitawo ngati angandipatse chigawo cha msewu cha kufupi ndi kwathuko kuti ndizigona kumeneko. Anayankha kuti mbali yathuyo madepoti sanafike, ndipo mmene azidzafika mwina mwanayo adzakhala ali pabanja.

Pempho langa ndi limodzi. Mundilole mwanayu adzakhale nane kuno sukulu ikamatsegulira chaka chamawa.

Ndikudziwa kulemera kwa chimene ndapemphachi. M'nyumba mwanu mulibe mwana wina. Amene amakuthamangirani mukamachokera kumsika ndi yemweyu, amene amabisa chipewa cha alamu ndi yemweyu. Ndikupempha munthu amene anandipatsa zonse kuti andipatsenso chimene watsala nacho. Manyazi ndili nawo, koma mantha ndi amene apambana. Posachedwa akhala namwali, ndipo nthawi imeneyo adzafuna inu kuposa ine, zimenezo n'zosachita kufunsa. Zaka zimene mwana angakhale pansi ndi bambo ake n'kumawafunsa mafunso opanda mutu zatsala zochepa. Zikandidutsa zimenezi, ndidzakhala mlendo wake mpaka kumanda.

Sindikulota chabe, ndayendayenda. Sukulu ili pafupi, belu lake limamveka pakhomo. Mayi mwini nyumba ali ndi ana aakazi amene amaphunzira komweko, ndipo anena kuti mwanayo azipita nawo n'kumakhala kwawo mpaka ine nditaweruka. Tsitsi lake sindingalithe, ndavomera, koma mayiwo akuti andiphunzitsa ngakhale manja anga ali ngati masipanala. Tchuthi chilichonse azibwera kwanu, ndizimuperekeza ndekha. Ndipo mukalola, mudzabwere naye ndinu, mudzaone pogona pake ndi maso anu, mudzakhale mpaka mtima wanu utakhazikika. Ndidzakutenganiponso mukaone chikereni chija, kuti musamati mlongo wanu amakokomeza.

Mukambirane ndi alamu, ndipo mwanayo mwini wake mumufunse mofatsa, ine kulibe. Akalira musamukakamize. Inunso mukaona kuti simungathe, mundiuze mosabisa. Sindidzakwiya, sindidzapita nayo kwa akuluakulu, ndipo sindidzanena kuti mwanayo ndi wanga. Wobereka ndine, koma wolera ndinu, ndipo mawu omaliza ndi anu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindinaiwale ubwino wawo ngakhale pakamwa panga pamalemera kunena. Moni kwa achimwene ndi banja lawo lonse, kwa azakhali athu, komanso kwa apongozi anga, amene muyenera kuwadziwitsa nkhaniyi isanawafike kudzera kwa ena. Asuweni aja ankafuna ntchito muwauze kuti aphunzire kuyendetsa makina onyamulira katundu, kunoko akufunika.

Mwanayo ndamusiyira kumapeto, chifukwa ndakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja, osadziwa kuti moni wake ndilembe kuti wachokera kwa yani. Mumuuze kuti amalume ake a galimoto akumupatsa moni, poti amenewo ndi amene akuwadziwa. Dzina linalo ndalisiya m'manja mwanu.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Sakhalitsa