Munthu M'galasi la Bafa

Lolemba, 3 Novembala
Ndabwerera ku ofesi, koyamba chimwalirireni bwana Bang. Kapu yawo idakali pa tebulo, tiyi anaumira momwemo. Sindinaitsuke.
Filimu yawo inatha kale. Zaka zonsezi akujambula bafa la anthu onse la kuseri kwa msika lisanagwetsedwe, ine ndikulumikiza zidutswa. Chatsala n'kuitulutsa mu pulogalamu kuti ikhale fayilo imodzi. Batani limodzi basi. Akazi awo, mayi Yeom, akuifuna pa mwambo wa kukachisi wa tsiku la 49 chimwalirireni, lomwe mzimu umatsanzika.

Lachiwiri, 4 Novembala
Ankakonda kundilankhula ali kumbuyo kwa kamera, podziwa kuti ndidzamva polumikiza. "Eun-sil, apa usadule." Pena, "Eun-sil, wadya? Ukamangodalira ramyeon, supageti wa m'paketi uja, uuma ngati nsomba ya padzuwa." Mawuwo ndimawatseka potulutsa filimu. Lero ndawatsegula. Tsiku lonse ali m'makutu mwanga. Batani sindinalikhudze.

Lachinayi, 6 Novembala
Ndakanikiza. Mzere wobiriwira unayenda bwinobwino mpaka pafupi ndi kumapeto, kenako njii. Uthenga wofiira: chidutswa china chikusowa. Kuyesanso, pomwepo. Ndi paja mwini bafa, a Ma, akukhetsa madzi m'dziwe komaliza. Ndinachilumikiza ndekha mu Seputembala.
Ndaimbira Tak wokonza mawu. Kuseka. "Akuluwo akukana basi. Ali moyo sananenepo kuti filimu yatha, ndiye avomere lero?"
Ine sizinandisekese. Masana wina anatsokomola pa masitepe, ndinaimirira, kuyesa ndi bwana.

Lamlungu, 9 Novembala
Kwa mayi Yeom. Nsapato za bwana zili pakhomo, zoloza kunja. Chidutswa chija chapezeka mu laputopu ya bwana. Anachichotsa okha ku ofesi asanagonekedwe m'chipatala.
"Ankangoonera chomwechi," anatero mayi. "Ndikafunsa, ati pali chalakwika. Chalakwika n'chiyani, osanena. Umawadziwa abwana ako."
Anandimangira kimbap ya panjira, mpunga uja wokulunga m'ndere za m'nyanja. Ndaiiwala m'basi.

Lolemba, 10 Novembala
Ndachiona chalakwikacho. Madzi akamatsika, nthunzi ikuchoka pa galasi la kukhoma, ndipo m'galasimo muli bwana. Kamera paphewa, dzanja lina lagwira pachifuwa, atsamira khoma. Nkhope yotuwa. Ichi anajambula chaka chatha, adokotala asananene kanthu. Ndachionera kambirimbiri chidutswachi, maso ali pa madzi, osawaona.
Ndinatsegula mawu awo kuti ndimve ngati anandisiyira lamulo. Palibe. Kupuma kokha, kolemera.

Lachitatu, 12 Novembala
Ndikachikulitsa pang'ono chithunzicho, galasi lituluka kunja, palibe angadziwe. Ntchito ya kanthawi kochepa. Lamulo la bwana linali limodzi: wojambula saoneka.
Tak akuti dula. "Munthu wachotsa ndi manja ake, ukufunanso akulembere kalata?"
Mayi Yeom ndinawaonetsa pa foni. Anayang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe, m'nyumba muno zithunzi zadzaza, koma iwo mulibemo. Nthawi zonse anali kumbuyo. Asiye."
Wamoyo akuti asiye. Womwalira anachotsa. Mbewa ya kompyuta ili m'dzanja langa.

Lachisanu, 14 Novembala
Sindinapite ku ntchito. Ndinadutsa pomwe panali bafa. Malo oimikapo magalimoto tsopano. Matailosi obiriwira atsala pakhoma limodzi.

Lolemba, 17 Novembala
Ndawasiya m'galasimo. Mawu awo ndatseka, kupatula kupuma kuja. Ndisanakanikize ndinanena mokweza, ndekha m'chipinda, kuti bwana, ngati simukufuna, kanizaninso.
Mzere wobiriwira unayamba. Ndinakhala manja ali pamwendo. Utafika pa a Ma ndi madzi awo, unachedwa. Fani ya kompyuta inalira kwambiri. Ndinkadikira uthenga wofiira, ndipo ndinazindikira kuti ndikuufuna.
Sunabwere. Mzere unadutsa, kabelu kanalira. Yatha.
Ofesi zii. Pa masitepe palibe aliyense.

Lachiwiri, 18 Novembala
Mawa kukachisi. Fayilo ili m'kachipangizo kosungira mafayilo, m'thumba la jekete. Filimu iliyonse ndimaionera yonse ikatuluka, ndisanaipereke. Anandiphunzitsa okha. Iyi ndaitsegula, ndafika pomwe nthunzi ikuyamba kuchoka pa galasi, ndiye ndaiimitsa pomwepo.