Njenjete za M'sutikesi ndi za M'thumba la Chimanga

Okondedwa Amayi,

Kuno kwacha ndi chiperoni. Phiri silikuoneka, mvula yowaza ikungonong'ona pa malata, ndipo thirakitala ya ku esiteti yadutsa kale, othyola tiyi akutsokomola m'ngolo. Kaya inu mwadzuka bwanji ku Milondeko? Bondo lija lasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mutu ndiye wabalalika.

Pakhomo pa amalume a Alufeyo pano zinthu sizili bwino, ndipo nkhani yake ndi thumba la chimanga lomwe munandipatsa potsegulira sukulu. Kuzizira kutayamba, akazi awo, mayi a Diana, anatsegula sutikesi kuti atenge juzi yawo yaubweya yopitira kutchalitchi. Anaipeza itabooka msana wonse, ndipo munatuluka timagulugufe totuwa. Sabata yomweyo tina tinkauluka kuchokera m'thumba lathu lija. Iwo anati njenjetezo zabwera ndi chimanga chanu, ndipo munachita dala kutumiza chofumbwa chifukwa simunawakondepo chikwatiwire. Amalume anakuikirani kumbuyo, mawu anakula, mpaka mayi a Diana anatenga Diana ndi khanda, ulendo wa kwawo ku Nkando. Potuluka anati, "Thumba ndi mwini wake zikachoka, mudzanditenge." Mwini wakeyo ndine. Nanga ndikachoka pano, sukulu ndiziyendera kuti?

Mukundidziwa kuti kuyankha sinditha, ndimangoyang'ana. Ndiye ndinagwira tizilomboto, ta m'thumba m'bokosi la machesi lakelake, ta m'sutikesi lakenso, n'kupita nato kwa aphunzitsi a sayansi. Anayamba aseka kuti anzanga amawabweretsera nthochi, ine ndabweretsa njenjete. Kenako anandibwereka galasi lokulitsa zinthu.

Amayi, ndi maso chabe tonse n'tofanana, koma pagalasi ayi. Ta m'thumba tili ndi mutu wosalala, ndipo pakamwa pali tinyanga tiwiri topindikira m'mwamba. Mukatambasula phiko lakumbuyo ndi singano, limathera kosongoka ngati chala cholozera, m'mphepete muli ulusi wautali. Aphunzitsi anati timeneti ndi ta mtundu wa Sitotroga, ndipo mbozi zake zimadya njere. Ta m'sutikesi tilibe tinyanga totero. Mutu wake ndi wanyankhalala, ubweya wofiirira uli njoo ngati mwana wosapesa. Timeneto akuti ndi Tineola, mbozi zake ndizo zimadya ubweya. Ka chimanga akuti sikadya juzi.

Ndinasangalala, koma kwa kanthawi kochepa. M'bokosi la ta m'sutikesi munapezeka kamodzi ka tinyanga. Kodi kanangosochera, kapena ndine ndinasokoneza mabokosi? Kena ndinakafinya pogwira, mutu unapukutika, moti sikakudziwika mbali yake. Aphunzitsi anati wofuna kutsimikiza amang'amba kumchira n'kuona ziwalo zoberekera pa makina oonera tinthu tating'ono, koma makinawo pasukulu pathu palibe. Ndiye kaya ndadziwa, kaya sindinadziwe. Komanso ngati pagalasi ndinaona zoona, ndiye kuti njenjetezo zinabwera ndi juzi yomweyo kuchokera pa kaunjika pomwe anaigula. Zimenezo ndingawauze bwanji anthu amene amandiphikira?

Ndinafotokozera amalume. Anasuzumira pagalasi nthawi yaitali, n'kunena kuti kusiyanako akukuona ndithu, koma sangakaime pamaso pa ankhoswe atanyamula mutu wa gulugufe.

Pempho langa ndi limodzi. Chipewa chaubweya cha malemu abambo chija chimakhala pa msomali pamwamba penipeni pa matumba a chimanga, m'chipinda chomwe thumba langali linachokera. Muchiyang'ane bwino, kunja ndi m'kati. Ngati sichinabooke, mupatsire aliyense wobwera kuno ku Boma. Chipewa munthu amachiona popanda galasi. Ngati chabooka, mundiuzebe, ndiyambe kulongedza. Chimanga chotsalacho muchiyanike padzuwa, chifukwa zoti chayamba kufumbwa zokhazo n'zoona.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Evance ndi alamu, kwa azakhali a kutsidya, ndi kwa mlongo wanga wamng'ono. Mumuuze asasewere ndi chipewacho.

Dzulo amalume anapita ku Nkando. Anabwerako madzulo ndi Diana yekha, chifukwa cha sukulu. Mayi a Diana ndi khanda atsala komweko. Diana anafika atavala juzi yobooka ija, manja atapinda, ndipo akuti mayi ake anafunsa ngati ndikudya.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Elson