Nsawa Zimene Malita Akufuna

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Zingalume tilipo. Mlamu wanu Nasibeko anachira, mwana ndi wamkazi. Chimanga chachita bwino, koma sopo wasowanso m'masitolo, ndipo kumsika wa pa boma sakulowetsa munthu wopanda khadi la chipani. Langa ndinaliiwala tsiku lina, ndinabwerera ndi dengu pamutu.

Nkhani ili pakamwa pa aliyense ndi ya Malita, mng'ono wanga, mwana wanu wa ku Ulaya. Kalata yake inawerengedwa kutchalitchi, amayi a chigwirizano mpaka nthungululu. Ine ndinangoyang'ana pansi. Ndili ndi nsanje, Amayi, sindikubisirani. Masamu amene akudya nawo bwino lero anamuphunzitsa ndani? Si ine, pamchenga kuseri kwa nkhokwe? Ine munanditulutsa sukulu kuti ndikuthandizeni kumunda, iye n'kupitirira. Ndikadandaula munkangoti m'mimba ndi m'chipala.

Akuti kumeneko ali ndi makina oyeza kulemera kwa tinthu tosaoneka ndi maso. Amasankha kanthu kamodzi n'kukawombanitsa ndi mpweya kuti kasweke, kenaka ayezenso zidutswazo. Akawomba pang'ono kamathyoka pofooka pokha, akawomba mwamphamvu kamanyenyeka, ndipo zidutswazo ndizo zimaulula dzina la kanthuko. Kalatayo ndinaiwerenga kawiri basi, ndinamva zonse. Ndiye ndikanapita ine bwenzi zili bwanji?

Tsono anapempha nsawa za m'nkhokwe mwathu. Akuganiza kuti chuku cha m'nsawa chili ndi poizoni, ndipo ndicho chinakuwonongerani chiwindi. Mwamva, Amayi? Munthu amene sanakutembenuzeni pamphasa ngakhale tsiku limodzi, amene maliro anu anawamvera pa telegalamu, ndiye akatiuze chimene chinakuphani.

Ndinamutumizira, koma ndinasankha zonona zokhazokha, zija timasungira mbewu. Kodi mbale wako ungamutumizire zonyala? Mukanandikalipira inu nomwe. Yankho lake labwera lokwiya. Akuti m'menemo sanapezemo kanthu, iye amafuna zonyala ndi zakuda zija, zimene timasinja zodya pakhomo, zabwino zikapita kogulitsa. Akuti anthu akumudzi sitimva.

Ndinamva, Amayi. Ndinamva bwino lomwe tsiku loyamba. Koma nsinjiro za m'phala lanu miyezi yonse ija ankasinja ndani? Ndi manja angawa. Ndinkathira zambiri kuti mupezeko mphamvu, inu n'kumati mwana wanga, phala lako lokha ndilo likulowa. Makinawo akapeza poizoniyo, Malita adzalemba pepala, azungu adzamuwombera m'manja, kutchalitchi adzawerenganso. Iye wotulukira, ine wodyetsa.

Zonyalazo ndazitola, zili m'chitini pamwamba pa kabati. Sabata ziwiri tsopano ndikungochiyang'ana. Ndinafuna kuzitayira nkhumba. Koma ana anga akudya nsinjiro zomwezo tsiku ndi tsiku, ndipo nsanje yanga siingawatchinjirize chiwindi.

Lachisanu bambo a ana akupita pa njinga ku positi ya ku Chadiza, adzatenga chitinicho. Malita atamandidwe, palibe kanthu, ndizipsa mtima ndili ndekha kumunda. Koma ndikukulonjezani ichi: yankho likabwera loti linali phala langa, sindidikira kuti aliwerenge pa guwa. Ndidzabwera ndekha pamanda panu, mudzamve kwa ine.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene anatsala,
Enelesi