Kapinga wa Kuseri kwa Zimbudzi

Lolemba, 6 Okutobala
Dzuwa lowotcha. Kapinga yense pabwalo la maukwati pano wauma, kupatula chigamba cha kuseri kwa zimbudzi. Chobiriwira mpaka kunyezimira, chikhalirecho sindinathirepo ngakhale ndowa imodzi. Zaka khumi ndi zisanu ndikusamala kapinga, ndimamudziwa. Akanenepa yekha m'chilimwe, pali chimene akudya pansi.

Lachitatu, 8 Okutobala
Ndapondapo. Nsapato yamira, yatuluka ndi madzi akuda. Fungo lake! Thanki ya zimbudzi yang'aluka, basi. Chakudya chamasana ndapatsa galu.
Ndawauza abwana. Akuti, "Bambo, kapinga wokongola chonchi mukufuna mukumbe? Fungolo lili m'mphuno mwanu." Iwo kapinga amamuonera pawindo la ofesi.

Loweruka, 11 Okutobala
Ukwati wa eni ake. Wojambula wawakhazika akwati pachigamba pomwepo. Ana kugubuduzika. Wina keke yamugwa, watola, wadya. Ine ndayang'ana kumbali. Kaya wondinyansa kwambiri ndani, abwana kapena ineyo.

Lachiwiri, 14 Okutobala
Zithunzi zija zakopa makasitomala, abwana mano onse panja. Akuti mphatso yanga nayi: ukwati wa mwana wanga wamkazi wa pa 25 uchitikire pano, ulere. Akwati adzagwada pachigambapo podalitsidwa.
Mayi akunyumba nthungululu. Lisanalowe dzuwa, mpingo wonse ndi akuchimuna amva kale. Ndayesa kufotokoza. Akuti, "Inu, chopatsidwa amanunkhiza? Mukufuna tikachitire pafumbi?"

Lachinayi, 23 Okutobala
Masiku onsewa ndangomweta, ndasesa.
Lero mwana wabwera kudzaona malo. Wavula nsapato kuti amve kufewa kwa kapinga. Ndamukalipira ngati ndagwira wakuba. Misozi mbwembwembwe: "Ababa, ndalakwanji?"
Diresi lake loyera, lalitali lokwekwereza pansi. Amayi ake alisoka miyezi iwiri.

Lachisanu, 24 Okutobala
Ndalawirira, a matenti asanafike. Khasu ndi piki, pachigamba paja. Kapingayu ndinamubzala ndekha, phesi limodzilimodzi, ndipo pomukumba mtima wandiwawa. Piki yachitatu, zonse poyera. Thovu, mphutsi, ntchentche ngati zaitanidwa. Mlonda wathawira kumsewu atagwira mphuno. Abwana anene tsopano kuti ndi mphuno zanga.
Ntchito mwina yathera pompa. Kunyumba sindikudziwa ndikalowa bwanji. Ukwati ukhale pafumbi, fumbi amasasa. Koma mwana wanga sagwada pa manyi a anthu.
Ndikulemba nditakhala pawilibala. Galimoto ya abwana iyo, yalowa pageti. Nsapato sindivula. Ndikawafotokozera mu ofesi momwemo, nditaima pakapeti wawo.